Kanyale kachikasu ka pa CRF250L yanga: zolemba za milungu inayi

Loweruka, 15 Novembala

Lero latha sabata chitengereni njingayi, ndipo yayamba kale kundionetsa khalidwe lake. Ndi njinga yamoto ya Honda CRF250L ya 2014, yomwe mwini wake woyamba anabwera nayo kuchokera ku South Africa. Pa mita ikuonetsa makilomita 38,000 ndi kakuti. Tsiku logula ndinaizungulira kawiri, ndinaiyendetsa kukafika ku Kanengo ndi kubwerako, sindinamve chachilendo chilichonse. Injini imalira bwino, utsi palibe, mafuta sadontha.

M'mawa uno ndimapita ku Mitundu. Nditasiya phula n'kulowa msewu wa fumbi wa mabampu aja ang'onoang'ono ogwedeza mano, kanyale kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini kanayaka pa dashibodi. Njinga sinatsamwe, sinachepe mphamvu. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango, ndinazimitsa ndi kiyi, ndinadikira pang'ono, n'kuyatsanso. Kanyale kanayaka masekondi ochepa monga kamachitira nthawi zonse pamene pampu ya petulo ikuti zii, kenako kanazima. Ndinapitiriza ulendo. Pobwerera kanayakanso kawiri, konse pamalo oipa a msewu.

Ndinaimbira munthu amene anandigulitsa. Yankho lake: "Aaa bwana, kameneko musadandaule nako, kamangochita choncho." Ndiye kuti amadziwa.

Lamulungu, 16 Novembala

Ndayamba ndi batire chifukwa ndi chinthu chomwe ndimachidziwa. Pa njinga imeneyi batire ili kuseri kwa chivundikiro cha kumanzere. Nditatsegula ndinapeza nkhalango: mawaya owonjezera atatu omangidwa pa mitu ya batire, wina wa nyale ziwiri zowonjezera za kutsogolo, wina wa chaja ya foni ya pa chiwongolero, wachitatu wongodulidwa n'kukulungidwa tepi yomwe yayamba kale kumatuka.

Njinga itagona usiku wonse, mita yanga yoyezera magetsi inawerenga 12.2V. Batire yabwino yodzaza imayenera kukhala cha m'ma 12.7V kapena kupitirirapo pang'ono, ndiye iyi ili pakati ndi pakati. Nditadina sitata, mphamvu inagwa mpaka 9.6V isanakwerenso. Ndinangoti eya, wakuba ndamugwira. Maganizo anga anali akuti njinga za jekeseni, zopanda kabureta, zimadalira kompyuta, ndipo kompyuta ikamalandira magetsi operewera imayamba kubwebweta. Zimenezo si bodza ayi. Koma ndinathamangira kukhulupirira chifukwa ndinkafuna kuti vuto likhale lophweka.

Lachitatu, 19 Novembala

Ndagula batire yatsopano ku Malangalanga, YTX7L-BS ya 12V 6Ah, yofanana ndi yomwe inalipo. Ndalama yake sindinena, mayi akunyumba amawerenganso zolembazi. Wogulitsa anaithira asidi pomwepo n'kundiuza kuti ndikangoika basi ndizipita. Sindinamumvere. Ndinaisiya ipume, kenako ndinaichaja usiku wonse pa chaja yaing'ono, chifukwa batire yatsopano ukaiyambitsa ntchito isanadzaze imakhala yofooka mpaka kufa kwake. M'mawa inali pa 12.9V.

Poika ndinachotsa waya wodulidwa uja, ndinapala mitu ndi sandipepa, ndinamanga zolimba. Sitata tsopano ikuzungulira mwaukali. Ndinapita ku ntchito ndi kubwerako pa phula lokhalokha, kanyale zii. Ndinadzitama pang'ono madzulo.

Loweruka, 22 Novembala

Kudzitama kwatha. Msewu womwe uja wa ku Mitundu, pafupifupi malo omwe aja, kanyale kanayakanso.

Ulendo uno ndinaona chinthu china. Pamene kanyale kanayaka, fani ya redieta inayambanso kuzungulira, chonsecho ndinali ndisanayende mtunda woti injini n'kutentha kwambiri, ndipo kunali kamphepo ka mvula. Ndinaziona koma sindinazigwirizanitse. Mutu wanga unali udakali pa magetsi ochaja.

Nditafika kunyumba ndinayeza njira yonse yochajira, mwina rectifier, kachipangizo kowongolera magetsi ochokera mu injini asanafike ku batire, ikutumiza magetsi opitirira muyeso ikagwedezeka. Injini ikulira payokha, pa batire panali 13.9V. Nditakweza moto mpaka cha m'ma 5,000 rpm, nyale yaikulu ili chiyakire, inafika 14.3V n'kukhazikika pomwepo. Honda imati isapitirire 15.5V, ndiye apa palibe mlandu. Ndinazula pulagi ya mawaya atatu achikasu ochokera ku makoyilo a mu injini. Pakati pa waya ndi waya, mbali zonse zitatu, mita inawerenga 0.4 ohm (muyeso wa mmene waya akukanizira magetsi kudutsa), ndipo palibe waya ndi mmodzi yemwe wokhudzana ndi chitsulo cha injini. Pulagi yake ndi yoyera, siinapserere ngati mmene zimakhalira pa njinga zambiri zakale. Fyuzi zonse ndinazizula imodziimodzi n'kuzibwezera. Zonse zili bwino, zomwe kwa munthu wofufuza vuto ndi nkhani yowawa.

Madzulo ndinadutsira kwa makanika wina ku Biwi yemwe amakonza njinga za akabaza. Mnyamatayo ndi waluso ndithu, injini ya Lifan kapena ya Boxer amaimasula ndi kuimanganso dzuwa lisanapendeke. Anaiyang'ana njinga yanga, anaigwedeza, n'kunena kuti, "Madala, izi za kompyutazi ife ayi. Koma ngati ikuyenda, ingomatani katepi kakuda pa kanyaleko, mtima ukhale m'malo." Ankanena moseka koma ankatanthauza. Pa njinga zomwe iye amagwira, nyale za pa dashibodi ndi ya nyutulo, ya ma indiketa ndi ya nyale yaikulu basi. Palibe yomwe imakuuza za matenda.

Lamulungu, 23 Novembala

Tsiku lomwe ndinayenera kuyambira. Ndinapeza buku la amakanika la njingayi pa intaneti n'kukhala nalo pansi masana onse titaweruka ku tchalitchi, ndipo manyazi anandigwira. Kanyale kaja sikangoyaka chabe, kamayankhula. Ukamayenda kamangoyaka osazima. Koma vuto likakhala lilipo nthawi yomweyo, ukaima, n'kuika nyutulo, n'kutsitsa sitandi ya m'mbali, kamayamba kuphethira, ndipo kuphethirako ndi nambala. Kuphethira kwakutali, kopitirira sekondi imodzi, n'khumi. Kwakufupi ndi chimodzi. Kutali kamodzi ndi kufupi kawiri ndiye kuti 12.

Ine ulendo uliwonse ndinkangoti kuima, kiyi khethe, ngati ndikutseka pakamwa munthu yemwe akufuna kundiuza komwe kukumupweteka.

Mwayi wake kompyuta ya injini, ija amati ECM, imasunga zomwe inaona. Pali pulagi yofiira yomwe sipita kulikonse, yongovala kachipewa, yotchedwa DLC. Honda ili ndi kachipangizo kake kolumikizira mawaya awiri a pa pulagi imeneyi, koma ntchito ya kachipangizoko ndi kungowakhudzanitsa basi, kuti kanyale kaphethire manambala osungidwawo. Ine ndinapinda kawaya kopanira mapepala. Chenjezo kwa amene angafune kutengera: pa pulagi imeneyi palinso waya wa moto, ndiye musalumikize mwachimbulimbuli. Onani kaye m'buku la njinga yanu kuti awiriwo ndi ati, ndipo kiyi akhale wozimitsa polowetsa kawayako.

Ndinaitana mwana wanga wamkulu, wa Sitandade 6, kuti aziwerenga ine ndikulemba. Ndinatembenuza kiyi. Kanyale kanayamba: kufupi, kufupi, kufupi... Mwana anawerenga mokweza mpaka 7. Kanapuma. Kenako kutali kamodzi, kufupi kawiri. Kanapumanso, n'kuyambiranso pa 7 paja.

"Adadi, ikubwereza zomwe zija," anatero. Tinawerenga maulendo atatu kuti titsimikize. 7 ndi 12.

Nambala 12 ndi ya jekeseni wa petulo. Nambala 7 ndi ya sensa yoyeza kutentha kwa madzi a mu injini, ija amalemba kuti ECT. Apa m'pamene nkhani ya fani inabwerera m'mutu mwanga. Kompyuta ikasiya kumva kuchokera ku sensa imeneyi sidziwa ngati injini ili yozizira kapena ikuwira, ndiye imangotenga nambala yomwe inasungidwa kale m'kati mwake n'kumayendera imeneyo, komanso imayatsa fani podziteteza. Njinga inandipatsa zizindikiro ziwiri tsiku limodzi, ine ndili kalikiliki ndi mawaya achikasu.

Za 12 ndinakayikira. Jekeseni akanakhala kuti akuduka moto, injini ya silinda imodzi ikanazima kapena kudumphadumpha, ndipo sinachitepo zimenezo. Ndinaganiza kuti ndi chipsera chakale, mwina wina anazulapo pulagi ya jekeseni kiyi ali woyatsa. Njira yodziwira ndi kufufuta zonse n'kuona yomwe ibwerere. Kufufuta kwake n'kwa masewera a manja: kawaya kali m'malo, uyatse kiyi, uzule kawayako, ndipo kanyale kakayaka ukabwezeretse pasanathe masekondi 5. Ndinalephera kawiri chifukwa kawaya kopanira mapepala kamaterera. Kachitatu kanyale kanayamba kuthwanima mofulumira, kusonyeza kuti zafufutika.

Lachiwiri, 25 Novembala

Ndaweruka msanga dala kuti ndikaipute. Kuseri kwa Area 25 kuli kamsewu kokumbika ndi madzi komwe sikachedwa kugwedeza chilichonse chomasuka. Sipanathe mphindi khumi, kanyale kayaka, fani yayamba. Ulendo uno sindinakhudze kiyi. Ndinaika nyutulo, ndinatsitsa sitandi. Anthu awiri ogulitsa makala anaima n'kumandiyang'ana ndikuwerenga ndi zala ngati mwana wa mkaka. Zinakwana 7, n'kupuma, 7 kachiwiri. Nambala 12 sinabwerere.

Loweruka, 29 Novembala

Ndachotsa mpando, zivundikiro za m'mbali, ndi kukweza thanki kuti manja alowe. Sensa ili pa mutu wa injini, pafupi ndi pomwe paipi ya madzi imatulukira. Pulagi yake inali yolimba kuzula chifukwa cha matope ouma. Nditaizula ndinaona timapini tili ndi dzimbiri lobiriwira lija la mkuwa, ngati nkhungu ya pa nsima yogona masiku atatu.

Ndisanasangalale ndinayeza sensa yeniyeniyo. Sensa imeneyi ndi kachinthu komwe ma ohm ake amatsika kutentha kukamakwera. Buku limati pa madigiri 20 izikhala pakati pa 2.3 ndi 2.6 kilo-ohm. Yanga inawerenga 2.0. Mtima unadumpha, ndinayamba kuganiza za komwe ndingapeze sensa ya CRF mu Lilongwe muno, kapena kudikira munthu wochokera ku Johannesburg. Kenako ndinakumbukira kuti uno ndi Novembala, ndipo ngakhale kunali m'mawa, pakhonde panga sipanali madigiri 20. Kachipangizo koyezera kutentha ka pa khoma kankasonyeza 25. Pa kutentha kumeneko 2.0 ndi yoyenera. Kuti nditsimikize ndinabwezera pulagi, ndinaliza injini mpaka itatentha bwinobwino, ndinazimitsa, n'kuyezanso mosamala zala zisapse: 0.3 kilo-ohm. Buku limapereka pafupifupi yomweyo pa madigiri 80. Sensa ndi yamoyo.

Mbali ya mawaya, pulagi ili yozula ndipo kiyi ali woyatsa, ndinapeza 4.98V, zomwe zikugwirizana ndi 5V yomwe kompyuta imatumiza ku masensa ake. Basi ndinatsuka timapini ndi mankhwala opopera otsukira zamagetsi ndi kamswachi kakale, ndinafinya pang'ono timabowo ta pulagi ndi nsonga ya singano kuti tizigwira zolimba, ndinabwezera zonse. Ndinafufutanso nambala, popeza kuzula sensa kiyi ali woyatsa kumalembetsa 7 wina watsopano.

Kamsewu ka kuseri kwa Area 25 ndinadutsamo kawiri. Zii.

Lachinayi, 4 Disembala

Masiku anayi a mtendere, tsiku lachisanu lake kayakanso. Ulendo uno pa phula penipeni, pa M1, nditangodumpha bampu ya pa malo owolokera anthu. 7 yemweyo.

Ndinakwiya, sindibisa. Mawu a mnyamata wa ku Biwi aja a katepi kakuda anandizungulira m'mutu usiku wonse. Chondiletsa n'chakuti kanyale n'kamodzi koma matenda omwe kamanena ndi ambiri. Ndikakaphimba chifukwa cha 7, tsiku lomwe kadzafune kundiuza zina zoopsa ndidzakhala ndili m'tulo. Komanso injini yoyendera nambala yongoganizira siilandira petulo woyenera nthawi zonse, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ikhoza kumavuta kuliza m'mawa.

Loweruka, 6 Disembala

Ndinakhala pansi n'kuganiza bwino zomwe ndinayeza sabata yatha. Ndinayeza njinga itaima, mawaya ali phee. Vutoli limabwera njinga ikamagwedezeka. Ndiye 4.98V ija inangondiuza kuti waya anali wolumikizana pa mphindi imeneyo, osati kuti ndi wabwino.

Ndinakwezanso thanki, ndinazula pulagi ya sensa, ndinalowetsa nsonga za mita m'mabowo ake n'kuzigwiritsa ndi zopanira zovala kuti manja anga akhale omasuka. Mwana ndinamuika pa mita. "Ukangoona nambala yasintha, ukuwe." Ndinayatsa kiyi, n'kuyamba kutsata mtolo wa mawaya kuchokera komwe uli ndi kompyuta, ndikupinda pang'onopang'ono, ndikukoka, ndikufinya, chala ndi chala. Pansi pa mpando palibe. M'mbali mwa felemu palibe. Ndinafika pomwe kanthambi ka sensa kamapatukira pa mtolo waukulu.

"Yapita pa ziro! Yabweranso! Adadi, gwiraninso pomwepo!"

Pamalopo, zala zitatu kuchokera pa pulagi, panali chomangira cha pulasitiki chakuda chomwe sindinachilabadire sabata yatha. Amene anaika nyale zowonjezera zija anadutsitsa waya wake wonenepa pamenepo, ndipo posowa pomangirira anaumangirira ku kanthambi ka sensa, n'kukoka chomangiracho mpaka kumapeto. Waya wolemera uja wakhala akulendewera pa timawaya tiwiri towonda kwa zaka sindikudziwa zingati, bampu iliyonse akukoka.

Nditadula chomangira n'kusenda tepi, kunja timawaya tinkaoneka tabwinobwino, khungu lake losang'ambika. Koma nditagwira kamodzi mbali ziwiri n'kukoka pang'ono, kanatamuka ngati mphira wa legeni. Waya wamoyo satamuka. Ndinang'amba khungulo ndi lezala: timikuwa tonse ta m'kati tinali titaduka, nsonga zake zitada, zikungokhudzana pokhapokha waya akakhala mowongoka. Tsopano ndamvetsanso chifukwa chake kutsuka pulagi kunaoneka ngati kwathandiza. Pozula ndi kubwezera ndinakankhira nsonga zodukazo pamodzi, ndipo zinagwirana masiku anayi.

Nthawi yoti ndiwotcherere, magetsi anazima. Sindinafune kuti njinga igone chotsegula, nkhuku za kwathu zimajompha chilichonse chowala. Ndinakabwereka kwa achimwene oyandikana nawo nyumba chitsulo chowotcherera chachikale chija cha mutu wa mkuwa, chomwe amakonzera mawailesi, n'kuchiika pa mbaula pambali pa mphika wa nyemba. Chimatentha bwino koma chimazizira msanga, ndiye umakhala ndi masekondi ochepa basi. Ndinadula mbali yonse yoderayo kufikira pomwe mkuwa unali wowala, ndinalumikiza kachidutswa katsopano ka waya wa makulidwe omwewo kotalikirapo pang'ono kuti pasakhale kukokana, ndipo mfundo iliyonse ndinaiveka kapaipi kofota ndi moto. Waya mnzakeyo ndinamukokanso, sanatamuke, koma anali ndi chipsera cha chomangira, ndiye ndinamuvekanso kapaipi.

Waya wa nyale zowonjezera ndinamusamutsira mbali ina ya felemu n'kumumangirira ku chitsulo. Ndinabwereza mayeso ogwedeza aja kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, mwana ali pa mita. 4.98V osasuntha. Ndinafufuta nambala, ndinamanga zonse, mdima uli pafupi.

Lamulungu, 7 Disembala

Popeza zivundikiro zinali zisanakhazikike bwino, ndinati ndione chomwe chinafooketsa batire yakale ija. Ndinamasula waya wa ku nekativu n'kuika mita pakati, kiyi ali wozimitsa. Inawerenga 14 mA, kutanthauza magetsi omwe akutuluka mu batire. Njinga yozimitsa imayenera kumangonyambita kachigawo kochepa ka 1 mA kosungira wotchi ya pa dashibodi. Nditazula waya wa chaja ya foni, nambala inagwa mpaka pafupi ndi ziro.

Tiyeni tiwerengere limodzi. 14 mA kwa maola 24 ndi pafupifupi 0.34Ah pa tsiku. Batire ya 6Ah ikhala itatha theka pakangodutsa masiku 9 njinga ili chiimire. Wondigulitsa uja anandiuza yekha kuti njingayi inkakhala milungu osayenda. Batire yakale ija ndinaichaja kuti ndione: yagona masiku atatu pashelefu ndipo ikadali pa 12.6V. Kunena zoona ikanatha kundiyendetsa miyezi ina ingapo. Ili pakona pa chipinda, ndizigwiritsa ntchito younikira magetsi akazima.

Chaja ya foni ndaichotsa pa batire. Ndikufuna kuidutsitsa pa relay, swichi yoyendera magetsi, yoti izitsegulidwa ndi kiyi, ndi fyuzi yakeyake ya 5A, koma relay yomwe ndinapeza pa msika ndi yaikulu ya galimoto ndipo kuseri kwa chivundikiro kulibe malo. Pakadali pano foni ndizichajira kunyumba.

Loweruka, 13 Disembala

Ndapita ku Mitundu ndi kubwerako, msewu womwe uja, tsopano ndi matope okhaokha. Lachitatu ndinafika ku Mponela pa ntchito. Chiwotcherereni waya ndayenda makilomita 340, mvula yandinyowetsa kawiri, kanyale kakungoyaka poyatsa kiyi n'kuzima. Fani ndaimva kamodzi kokha, pa mzere wa magalimoto wa pa mlatho wa Lilongwe masana dzuwa lili pamutu, pomwe imayeneradi kuyaka. Madzulo ano ndalumikizanso kawaya kanga pa pulagi yofiira kuti ndione ngati pali chomwe chalembedwa mwakachetechete. Kanyale kanangoyaka osaphethira, kutanthauza kuti m'kati mulibe kanthu.

Kawaya kopanira mapepala kaja ndakakulunga m'kapepala komwe ndalembapo manambala ofunika, 7, 8 ya sensa ya moto wa pa chiwongolero, 9 ya kutentha kwa mpweya, 12, 21 ya sensa ya mu ekizozi, ndi 54 ya sensa yozimitsa injini njinga ikagwa, n'kukaika m'kabokosi ka zida.

Chotsatira ndi tcheni. Pochapa njinga lero ndapeza mfundo ziwiri zouma zomwe sizikupindika, ndipo mano a sipuloketi ya kutsogolo ayamba kupendekera mbali imodzi.